Manda Awiri a Nanay Soling

Malemu amayi anga, Mayi Consolacion Lacuesta Sumagaysay, amene nonse mumawatchula kuti Nanay Soling, kutanthauza Amayi Soling, anabadwa pa 9 Sepitembala 1956 ku Janiuay, m'chigawo cha Iloilo. Anali achitatu m'banja la ana asanu ndi awiri la malemu Bambo Anacleto Lacuesta ndi malemu Mayi Remedios. Amene ndikuwerenga mbiriyi ndine Nimfa, mwana wawo wobereka yekhayo amene watsala. Ndanena dala zimenezi, chifukwa dzana mayi wina wachifundo anandilandira pakhomo, nandisonyeza pokhala, nandipatsa khofi, kenako n'kundifunsa kuti malemuwa ndinkawadziwa bwanji. Zimenezi zinachitikira m'nyumba imene ndinabadwiramo.

Bambo mfumu, a Ustadz a kumzikiti, a Kapitan otsogolera mudzi uno, ndi inu nonse anamfedwa anzanga, ndikudziwa kuti si mbiri yokha mukudikira. Pakali pano pali manda awiri otsegula. Oyamba ali ku tauni, chipinda cha simenti chimene ndinamangitsa ine pamwamba pa abambo, pafupi ndi mchimwene wanga. Achiwiri ndi dzenje lili kuseri kwa tchalitchi chathu chino, limene amuna a mbali ya kumzikiti anakumba osandifunsa. Galimoto yonyamula maliro ili panja, ndipo dalaivala sakudziwa ngati abwerere ndi bokosi kapena chimanjamanja. Ndinena pomaliza. Inu munandidikiritsa zaka zambiri, lero mudikireko ine.

M'chaka cha 1961 banja la a Lacuesta linakwera sitima ya pamadzi kudza kuno ku Cotabato, ndipo linapeza malo muno m'mudzi wa Bulanay, pakati pa mabanja achisilamu amene analipo kale. Amayi anaphunzira pulayimale pomwe pano, n'kupita ku sekondale ku tauni, koma nkhondo ya m'zaka za m'ma 1970 inawabweza asanamalize. Chimaguindanao, chiyankhulo cha Asilamu a kuno, anachiphunzirira kumtsinje, pochapa ndi atsikana anzawo, ndipo ankachiyankhula mpaka kutukwana nacho bwinobwino.

Pa 5 Meyi 1979 anamanga banja ndi Bambo Teodulo Sumagaysay, Tatay Doloy, mlimi wa mpunga amene chuma chake chinali njati imodzi yolimira ndi nthabwala zosatha. Mchimwene wanga Rodel anabadwa mu 1980, ine mu 1988. Zaka zoyambazo amayi anali anga. Ankandipesa tsitsi ndi mafuta a kokonati, ndipo pogona ndinkatsamira mkono wawo wamanzere. Ndikufuna muzidziwe zimenezo, chifukwa sizinalembedwe pa chinsalu mwapachika pakhomochi, chija chikuti Mayi wa Tonse.

Mu 2000 nkhondo ya asilikali a boma ndi ankhondo achisilamu a kuthengo inabweranso. Mudzi wonse unathawira kusukulu ya ku tauni. Achimwene anga, Manong Rodel, anabwerera kudzatenga njati, ndipo bomba linawapeza m'munda. Mpaka lero sitidziwa kuti linachokera mbali iti. Amuna ena ankafuna kufufuza, koma amayi anakana. Anati, "Mukandiuza, ndidana ndi theka la mudzi. Ndisiyeni ndidane ndi bombalo." Tinawaika ku tauni, monga mmene Akhristu a ku Bulanay akhala akuikira akufa awo onse kuyambira kale.

M'kalasi imene tinkagona munali mayi wina wachisilamu, Babu Tarhata, amene anamwalira ndi matenda otsekula m'mimba n'kusiya mwana wamkazi wa msinkhu wanga. Ndi uyo wakhala kumutu kwa bokosi, Samraida, amene lero akutsogolera gulu la amayi. Usiku wa maliro a mayi ake, amayi anga anamugwira dzanja n'kubwera naye pamphasa pathu. Anandiitana ndi dzina lachikondi lija n'kunena kuti, "Inday, sendera." Ndinasendera, ndipo ndakhala ndikusendera kufikira lero. Akuluakulu amati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mwambiwo umakoma ukakhala kuti ndiwe mwana wa mnzakoyo.

Chaka chomwecho kunachitika zionetsero zazikulu zokana nkhondo mumzinda wa Davao. Amayi anakwera basi atanyamula chithunzi cha Manong Rodel. Anaguba ndi ana asukulu, ansembe ndi maloya, anaimba, anajambulidwa, anapatsidwa tisheti yoyera ndi mpunga wa m'kabokosi. Atabwerako anapeza mabomba akugwabe. Abambo anawafunsa kuti, "Soling, nanga mtenderewo wausiya m'basi?" Amayi anayankha kuti, "Anthu aja ndi abwino, Doloy, ndipo amafuula bwino. Koma Lolemba ali kuti?" Chikwangwani chimene anabwera nacho anafolera khola la nkhuku. Sanasiye kupita ku zionetsero, ayi, koma kuyambira pamenepo aliyense wobwera ndi nkhani ya mtendere ankamufunsa funso lomwelo la Lolemba.

Mu 2001, anthu atabwerera m'mudzi, amayi anayambitsa msonkhano wa Lachitatu lililonse pabwalo la simenti loyanikirapo mpunga. Poyamba ankabwera amayi ochepa, Akhristu kukhala uku, Asilamu uko, osayang'anana. Amayi sankalalikira. Ankafunsa za mbewu, za makoswe, za mwana wa uje amene akutsokomola, za mnyamata wa uje amene wayamba kuyenda ndi anthu a mfuti. Mvula ikagwa ankakumana pansi pa lona. Nthawi ya mtendere, pamene anthu ankati msonkhanowo ulibenso ntchito, iwo ankapitabe, nthawi zina n'kukhala awiri okha ndi Samraida. Ine Lachitatu ndinkaphika ndekha, kuchapa ndekha, ndipo ndinkalidana nalo tsikulo ngati munthu.

Ntchito yawo inaoneka mu 2003. Nkhondo inafika mpunga utacha. Asilikali atadzaza mumsewu, amuna achisilamu sankatha kupita kuminda yawo ya kufupi ndi msewu, chifukwa wogwira chisikilo ankaoneka ngati wogwira mfuti. Nayonso minda ya Akhristu ya kudambo inali m'manja mwa a kuthengo. Amayi anadzutsa dagyaw, mwambo wathu wakale wothandizana kukolola, koma anausinthanitsa. Amayi achikhristu anakamweta mpunga wa Asilamu, amayi achisilamu anakamweta wa Akhristu. Mukudziwa kuti womweta m'munda wa mwini amatenga gawo lake, ndipo palibe amadandaula. Amayi analetsa ngakhale gawolo. Anati mpunga ukafike kwa mwini wake wonse, ngakhale wogwera pansi, kuti pasadzapezeke wonena kuti anatibera nthawi ya nkhondo. Amayi ena anang'ung'udza kwambiri, poti kunyumba kwawo kunalinso njala. Tiya Pilar ali apowa anawatchula amayi kuti wamisala pamaso pa anthu, koma m'mawa mwake anali oyamba kufika ndi chisikilo.

Abambo ankangoti, "Soling, ukapita kukamweta kwa a Kadil, ubwereko ndi mkazi wina woti azindiphikira." Amayi nawo ankati, "Kodi manja akowo anaduka pa nkhondo iti?" Ankaseka onse awiri. Ine sindinkaseka, chifukwa mkazi wophikayo ndinali ine.

Kuyambira chaka chimenecho amayi ndi anzawo ankayendera misasa ya mbali zonse mwezi ndi mwezi, atanyamula nthochi zophika ndi khofi. Mkulu wina wa asilikali anatopa nawo n'kunena kuti, "Nanay, mwabweranso? Kodi kwanu kulibe ntchito?" Iwo anati, "Iliko, mwanawe, ndipo ndabwera kudzakuuza kuti usaiponde." Kwa a kuthengo ankafikira kufunsa anyamata kuti, "Iwe si mwana wa Bainon iwe? Amayi ako akudziwa kuti waonda chonchi?" Vuto linali lakuti asilikali amasinthidwa. Ukamuzolowera mkulu uyu, mawa wapita, wabwera wina amene sakudziwa Bulanay. Amayi ankangophikanso nthochi n'kuyambiranso. Mu 2005 mbali zonse zinavomera kuti mfuti zizitsala kutsidya kwa mlatho, zisamalowe m'mudzi muno.

Mu Ogasiti 2008 panganolo linayesedwa. Midzi yoyandikana nayo inathawa, koma amayi a ku Bulanay anakakhala pamlatho ndi malichero awo, kupeta mpunga usana wonse, kusinthana, mpaka magulu a mfuti analambalala. Nkhaniyi mwaimva kambirimbiri ndipo mwaiimba m'nyimbo sabata ino. Chimene simunaimbe n'chakuti sabata yomweyo ku Davao kunali mwambo wotiveka zipewa za unamwino. Mtsikana aliyense anabwera ndi mayi ake kudzamugwirira kandulo. Ine kandulo yanga anagwira ndi abambo, atavala malaya obwereka, phula likuwadonthera pa nsapato. Madzulo amayi anaimba foni. Mawu awo oyamba anali akuti, "Inday, sanadutse!" Ndinayankha kuti ndakondwa. Ndinanama.

Ndisakubisireni, anamfedwa anzanga, ine ndinali ndi nsanje, ndipo ndikadali nayo pano ndaima. Munthu akakulanda mayi ali woipa umamutukwana mtima n'kukhala pansi. Ine anandilanda anthu abwino, pa chifukwa chabwino, ndipo ndikadandaula ndinkaoneka ngati wofuna kuti mudzi upse. Ndinkachitira nsanje ana amasiye, asilikali oonda, mpaka malichero.

Abambo anamwalira pa 20 Juni 2011 ndi matenda a kuthamanga kwa magazi, ndipo tinawaika ku tauni. Mu 2014 ndinakwatiwa. Mu 2016 ndinabereka Jomar, ndipo amayi anabwera ku Davao kudzandisamalira. Asanathe sabata foni inalira, akuti anyamata awiri abayana chifukwa cha madzi a m'ngalande ndipo abale awo ayamba kufukula mfuti. Amayi anandiyang'ana ali ndi mwana m'manja. Ndinati, "Pitani, Nanay." Ndinkaganiza kuti akana. Anamupsompsona mwanayo n'kuyamba kufunafuna patapata wawo.

Mu 2017 ndinapita kukagwira ntchito ya unamwino ku Riyadh. Ndikaimba foni ya kanema, nkhope yoyamba kuoneka inkakhala ya Samraida. "Nimfa, dikira, Nanay akusamba." "Nimfa, Nanay amwa kale mankhwala, usadandaule." Ine namwino, wosamalira amayi a eni ake kuchipululu, kumauzidwa za amayi anga ndi munthu wina. Ndinkatumiza mankhwala, iye ndi amene ankawamwetsa. Samraida, sunandilakwirepo kanthu ngakhale kamodzi, ndipo chimenecho ndi chimene chimandipweteka kwambiri.

Amayi anapezeka ndi matenda a shuga mu 2019, ndipo chaka chatha impso zinayamba kulephera. Ndinawapempha kuti asamukire ku Davao, kufupi ndi chipatala. Anati, "Ndikapita ine, Lachitatu adzatsegula ndani?" Miyezi yomaliza ankanyamulidwa pampando kupita pabwalo la mpunga. Anamwalira pa 11 Okutobala 2024, ali ndi zaka 68, m'nyumba mwawo, atatsamira Samraida. Ine ndinali pabwalo la ndege, kudikira. Nditafika ndinafunsa kuti mawu awo omaliza anali otani. Akuti ankakumbutsa kuti makina opunthira ayambire kwa amayi amasiye a kudambo mvula isanabwere.

Tsopano ndifike pa nkhani ya manda. Mukudziwa nonse kuti kutsidya kwa mtsinje kwayambanso kulira mfuti chifukwa cha mkangano wa malo, ndipo mabanja ena achikhristu amanga kale katundu. Akungodikira kuti maliro atuluke, atsatire galimoto, asabwererenso. Usiku wachiwiri wa maliro Samraida anandipeza kukhitchini. Anati, "Nimfa, ndinene kapena ndikhale chete?" Ndinati, "Unayamba liti kundipempha chilolezo m'nyumba muno?" Anati, "Inu Akhristu mwakhala kuno zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene munamuika m'dothi la Bulanay. Akufa anu onse ali ku tauni. N'chifukwa chake mfuti ikalira mumanyamuka msanga, mulibe chokugwirani mwendo. Ife agogo athu ali kuseri kwa nyumba, tingathawire kuti? Ndipo inu mukachoka, mudzi ukhala wa mbali imodzi, ndipo mudzi wa mbali imodzi aliyense amauwombera osaganiza kawiri."

Ndinamuyankha mwaukali. Ndinati, "Munatenga Lachitatu, munatenga mkono, munatenga mawu omaliza. Tsopano mukufuna ndi mafupa omwe?" Iye anati, "Inde, tikuwafuna. Koma ndinawafunsa Nanay za manda, ndipo anati, zimenezo mukamufunse Nimfa, china chilichonse ndinapereka osamufunsa." Kaya amayi ananenadi zimenezo, kaya Samraida wapeka kuti andifewetse mtima, sindidziwa, ndipo amene akanandiuza ali m'bokosimu. Ngati ananenadi, ndiye kuti chinthu chokhacho chimene anandisiyira ndi mphamvu yokumanani inu. Masiku onsewa ndakhala ndikuigwiragwira mphamvuyo, ndipo ndisaname, imakoma.

Ndinapita ku tauni kukaona chipinda chija. N'choyera, chouma, chili ndi chitseko chachitsulo ndipo kiyi ali ndi ine. Kumeneko pa 1 Novembala, tsiku limene timayendera manda, ndikanamayatsa makandulo atatu, banja lathu lokha, popanda wondiuza kuti ndidikire. Ndinakhala pamenepo nthawi yaitali. Kenako ndinaganiza za mmene galimoto ingatulukire pamlatho, ndi ngolo za katundu zikutsatira pambuyo, ndi mpunga uwu wacha m'minda wopanda womweta. Ndinaona kuti ndikatero ndiwapeza amayi ndekha, inde, koma ndikhala nditafafaniza zonse zimene anandisiyira ine kuti akachite. Ndiye kuti abambo anagwira kandulo yanga ija pachabe, ndinaphika Lachitatu pachabe. Zimenezo sindingalole. Ndinalipira kwambiri mudzi uno kuti ndiuone ukutha.

Choncho dalaivala abwerere. Amayi agona kuseri kwa tchalitchi, m'dzenje limene munakumba osandifunsa. Abambo andikhululukire, anazolowera kale kudikira. Koma ndili ndi mawu awiri. Loyamba, chinsalu chanu chija mutsitse mukasunge, pamwala padzalembedwa kuti mayi wa Rodel ndi Nimfa, basi. Lachiwiri ndi la inu amene mwamanga katundu. Tiya Pilar, Manong Berting, ndikukuonani. Kamasuleni. Ine ndasiya amayi anga pano, ndipo Novembala aliyense ndizibwera. Ndikadzapeza udzu pamanda ndi nyumba zopanda anthu, ndidzakutsatirani kulikonse kumene muli. Lachitatu likudzali pabwalo la mpunga pakhale anthu, kaya kugwe mvula.

Malemu asiya mwana mmodzi, ine Nimfa, mkamwini wawo Bambo Efren Dalisay, ndi mdzukulu mmodzi, Jomar. Asiya ang'ono awo awiri, Tiya Luding ku Janiuay ndi Tiyo Nonoy ku Koronadal. Asiyanso Samraida Guiamalon, amene anamulera kuyambira ali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Dzina lake ndinalilemba, ndinalifufuta, ndipo m'mawa uno ndalilembanso.

Mwambo wathu umaletsa kunena zikomo pamaliro, ndipo lero mwambowo wandithandiza. Ndingotchula amene agwira ntchito. Bambo mfumu ndi a kwaya atipempherera masiku onsewa. A Ustadz ndi amuna a kumzikiti anakumba ndi kumanga misasa. Amayi a Lachitatu aphika miphika iwiri yosiyana kuti aliyense adye mosakayika. Anamwino a chipatala chaching'ono ankabwera ngakhale msewu utadzaza madzi. A Kapitan anapita okha kutsidya kukapempha kuti mfuti zikhale chete mpaka titaika. Zonsezi ndaziona, ndipo Mulungu waziona.

Tikatha kuika, anyamata asonkhe moto wa udzu panjira yotulukira, monga timachitira, kuti aliyense adutse mu utsi ndipo mzimu wa malemu usamutsatire kunyumba. Ndikupempha nonse mudutse, ngakhale inu abale athu achisilamu amene si mwambo wanu. Samraida, iwe uyambe. Jomar amudutsitse abambo ake. Ine ndekha sindidutsa.

Mzimu wa amayi anga, Nanay Soling, uuse mumtendere umene anaugwirira ntchito. Koma ukafuna wina womutsatira madzulo ano, upeze ine ndekha.